Kuika Mailman pa seva yomwe ili kale ndi Postfix

Mmodzi mwa owerenga watilembera kuti: "Ku bungwe kwathu tili ndi seva ya Debian yomwe imayendetsa imelo pogwiritsa ntchito Postfix ndi Dovecot. Tikufuna mndandanda woti munthu akatumiza uthenga umodzi uzifika kwa mamembala onse. Tikaika Mailman, sitisokoneza imelo ya antchito?"

Simusokoneza ayi, bola Mailman, pulogalamu yoyendetsa mindandanda ya imelo, muipatse domain yakeyake. Ngati antchito ali pa example.org, mindandanda ikhale pa lists.example.org, ndipo dzinali likhale ndi MX yake (cholozera seva yolandira imelo) mu DNS. Mukasakaniza zonse pa domain imodzi yomwe ili mu virtual_mailbox_domains, Postfix imakafufuza adilesi ya mndandanda pakati pa mabokosi a antchito, ikaisowa n'kubweza uthenga ndi mawu oti "User unknown in virtual mailbox table". Njira yokonzera ilipo, koma n'kudzipatsa ntchito yosafunika.

Ikani Mailman 3, phukusi la mailman3-full. Mailman 2 musayiyandikire, imadalira Python 2 yomwe anasiya kuisamalira mu 2020. Seva ikhale ndi RAM ya 2GB kapena kuposa, chifukwa Mailman, Postorius (tsamba loyendetsera mindandanda) ndi HyperKitty (yosunga mauthenga akale) zikayamba kugwira ntchito pamodzi, 1GB imachepa.

Mailman imalandira mauthenga kuchokera ku Postfix kudzera pa LMTP (njira yopatsirana imelo pakati pa mapulogalamu), port 8024, ndipo imalemba yokha mafailo awiri mu /var/lib/mailman3/data/, omwe ndi postfix_lmtp ndi postfix_domains. Musanakhudze main.cf, failo ya makonzedwe a Postfix, sungani kaye kope lake kwina. Kenako postfix_lmtp ilowe mu transport_maps ndi mu relay_recipient_maps, pomwe postfix_domains ilowe mu relay_domains, iliyonse ndi hash: kutsogolo. Apa m'pamene ambiri amaphera imelo yawo. Amakopera mzere wa pa intaneti n'kufufuta nawo zomwe zinalipo kale mu transport_maps. Onjezerani kumapeto kwa mzerewo, musachotse kanthu. Samalaninso ndi relay_recipient_maps: ikakhalapo imakhudza domain iliyonse ya mu relay_domains, choncho ngati muli ndi ina kale, maadilesi ake nawonso alembedwe. Mukapanda kuiika konse, seva izilandira mauthenga opita kwa maadilesi omwe kulibe n'kumawabwezera kwa anthu osalakwa, mapeto ake IP yanu idzaipa dzina.

Ikaninso recipient_delimiter = + chifukwa maadilesi otsimikizira kulembetsa amakhala ndi chizindikirochi, komanso owner_request_special = no. Mafailo awiri aja akasowa, lamulo la mailman aliases limawalemba. Malizani ndi postfix check ndi postfix reload, kenako tumizani uthenga woyesera mukuyang'ana /var/log/mail.log. Mukaona "Permission denied" ndiye kuti Postfix ikulephera kuwerenga mafailo a .db omwe amapangidwa kuchokera ku mafailo awiri aja.

Chovuta chenicheni ndi DMARC, lamulo lomwe domain imaika louza maseva ena chochita ndi uthenga wokayikitsa wotumizidwa m'dzina lake, ndipo sichionekera tsiku loyamba. Mailman imawonjezera dzina la mndandanda pa mutu wa uthenga ndi mawu ena m'munsi, zomwe zimaswa siginecha ya DKIM ya wolembayo, yomwe imatsimikizira kuti uthenga sunasinthidwe m'njira. Kuyambira mu April 2014, Yahoo inaika p=reject, kutanthauza kuti uthenga woti wachokera ku Yahoo koma walephera mayeso ukanidwe. Ndiye membala mmodzi wa Yahoo akalemba, maseva a anzake amakana uthengawo, Mailman n'kuyesa kuti maadilesi a anzakewo ndi akufa, n'kuyamba kuwaimitsa anthu omwe sanalakwe chilichonse. Mu Postorius pitani pa DMARC Mitigations musankhe "Replace From: with list address". Ena sakondwa kuona dzina la mndandanda pamalo a wolemba, komabe ife timati bola uthenga ufike.

Zimenezi zithandiza pokhapokha lists.example.org ili ndi SPF (yotchula maseva ololedwa kutumiza imelo m'dzina lake) ndi kiyi yake ya DKIM, kaya mukusainira ndi OpenDKIM kapena Rspamd, ndipo IP ili ndi PTR (yolumikiza IP ndi dzina la seva) yolondola. Kuyambira mu February 2024, Gmail imafuna SPF kapena DKIM kwa aliyense wotumiza, ndipo amene amatumiza mauthenga pafupifupi 5,000 pa tsiku ku Gmail amafunika zonse ziwiri pamodzi ndi DMARC. Yambani ndi mndandanda wa anthu atatu, wa Gmail, wa Yahoo ndi wa Outlook, aliyense alembe ndi kuyankha, musanalowetse mamembala onse.