Musayambe ndi makina a makapisozi, achemwali

Achemwali, mwafunsa zinthu ziwiri pakamodzi. Mukufuna kudziwa momwe geni yopikula ziwiya zopangira khofi kunja imayendera, komanso chiwiya chomwe chingakuyenereni pakhomo panu ku Nkhotakota, poti bambo a kunyumba kwanu atopa ndi khofi wa m'chitini wongosungunula m'kapu. Ndikuyankhani, ngakhale kuti pa zaka 14 zomwe ndakhala ndikukwera basi ya ku Joni ndi ya ku Dar es Salaam palibe ndi mmodzi yemwe amene anandigwira mkono.

Pakhomo gulani pulanja, jagi yokhala ndi sefa yokankha ndi dzanja, yomwe ena amaitchula kuti French press, ndipo ikhale yachitsulo. Siifuna magetsi, siifuna pepala, siifuna china chilichonse chochokera kutsidya kwa chipata. Mumathira khofi magalamu 60 pa lita imodzi ya madzi, omwe ndi pafupifupi masupuni aakulu asanu ndi atatu odzaza bwino, ndipo madziwo mumawaphula pamoto n'kuwasiya mphindi imodzi kuti ukali uchepe musanathire. Pakatha mphindi zinayi mumakankha sefa pang'onopang'ono mpaka pansi. Khofi wake akhale wopera mokhakhala ngati shuga wa bulawuni wa ku Dwangwa kapena kukulirapo pang'ono, chifukwa wosalala ngati ufa woyera amadutsa pa sefa ndipo mumamwa nsenga zokhazokha. Zagalasi ndi zokongola pa shelefu, koma ine ndinabweretsapo 48 ulendo wina ndipo 19 zinafika zili zidutswa, osati ku Mozambique kapena ku Zimbabwe, koma pa maenje a msewu wathu womwewu wa M5.

Ngati bambowo amakonda khofi woluma pakhosi, apezereni moka, kaketulo ka aluminiyamu ka mbali zisanu ndi zitatu komwe Alfonso Bialetti wa ku Italy anayamba kupanga mu 1933. Madzi amakhala pansi, khofi pakati, ndipo nthunzi imakankha madziwo kuti akwere kudzera mu khofi. Pambaula kamagwira ntchito bwinobwino malinga makala akhale atanyeka kale, popeza malawi akanyambita chogwirira chimasungunuka. Madzi asapitirire kavalavu ka m'mbali, khofi musamutsindire, ndipo mwana wa pakhomo asakatsuke ndi mchenga ngati akutsuka poto wa nsima. Ine sindigulitsa moka popanda kamphira kena kapadera ka pakati, ndipo ndi chifukwa chake makasitomala anga a ku Senga Bay sapita kwa wina aliyense. Dziwaninso kuti pabokosi pakalembedwa makapu 6, amanena timakapu ta Azungu, ndipo khofi yenseyo sadzaza ngakhale botolo limodzi la fanta. Mayi wina anandibwezera moka akulalata kuti ndamubera makapu asanu.

Koma makina a makapisozi, timakapu totsekedwa tokhala ndi khofi wopera kale m'kati, musawayandikire, ndipo pano pokha ndikupemphani kuti mundimvere ngati mayi anu.

Munali mu Okutobala 2023 pomwe manejala wa malo ena ogona alendo kunyanja anandiitana n'kundiuza kuti akufuna makina otere m'chipinda chilichonse, kuti mlendo azingoponya kapisozi, kudina batani, khofi n'kutuluka ndi thovu lake pamwamba. Anati anzake a malo ena awiri akufunanso. Sitinalembe kalikonse, tinangogwirana chanza pansi pa mtengo wa mango, ine mtima uli kale pa phindu. Ndinatenga mpamba wanga wonse, ndinabwereka ku banki mkhonde, chotsala ndinatenga katapila, ndipo ku Joni ndinapikula makina 30 ndi makatoni a makapisozi omwe ndinkaona ngati atha miyezi itatu. Beitbridge tinadutsa, Nyamapanda tinadutsa, mlatho wa ku Tete tinaoloka ndikuyimba nyimbo za kwaya mumtima.

Pachipata cholowera kwathu, chomwe sindichitchula, ndinakumana ndi mnyamata wa msonkho woti ndikanatha kumubereka ine. Anatenga lisiti langa, analiyang'ana ngati akuyang'ana nsomba ya dzana, kenaka analibweza pa kauntala ndi nsonga ya cholembera. Anati mtengo wolembedwawo ndi wabodza. Anatulutsa foni yake, anafufuza pa intaneti, napeza makina ena onyezimira a m'malesitilanti a ku Ulaya, okhala ndi mipope iwiri, n'kundionetsa kuti makina a khofi amagulidwa motere. Ndinatsegula bokosi limodzi kuti aone yekha kuti anga ndi apulasitiki, opepuka moti mwana wa sitandade 2 angawanyamule ndi dzanja limodzi, koma iye sanafune n'kuyang'ana komwe. Anangoti, "Mayi, nkhani izi timathandizana." Ine ndalama yothandizirana ndinalibe, ndipo ngakhale ndikanakhala nayo, tsiku limenelo mtima unali utauma. Basi inanyamuka, makatoni anga anatsitsidwa, ndipo ndinatsala nditaima pafumbi ndi kachikwama ka m'manja basi.

Masiku asanu ndi anayi ndinagona m'chipinda cha nsikidzi pafupi ndi chipatacho, m'mawa uliwonse ndikuuzidwa kuti abwana osayina apita ku msonkhano. Ndili pomwepo, pa 9 Novembala, kwacha inagwa ndi 44 pa 100 iliyonse, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mtengo wa katundu wanga anatsitsako pamapeto pake, koma msonkho anawerengera pa kwacha yatsopanoyo, kuonjezapo ndalama ya malo osungira katundu omwe sindinapemphe kuti andisungire. Mnyamata uja, pondipatsa mapepala, anandifunira ulendo wabwino. Mpaka lero ndikamuona pawindo ndimapita pa mzere wina, ngakhale utalike chotani.

Nditafika ku Salima ndi pomwe mavuto enieni anayamba. Mapulagi a ku South Africa ali ndi mano atatu obulungira pomwe masoketi athu ndi a mano a makona anayi, choncho ndinalipira wamagetsi kuti adule ndi kusintha onse 30. Manejala uja anatenga khumi okha, pangongole, akuti kugwa kwa kwacha kwawasokoneza, ndipo anzake awiri aja sanayankhenso foni. Pa khumiwo, anayi anapsa mwezi usanathe, chifukwa magetsi akazima n'kubwera mwamphamvu kabolodi ka m'kati sikapirira. Ena anayesa kuwalumikiza ku sola, osadziwa kuti makinawa amakoka mawati opitirira 1,000 potenthetsa madzi, zomwe inivetala yaing'ono ya pakhomo singakwanitse. Otsalawo anayamba kutulutsa khofi modontha ngati mpopi wa mu Okutobala, poti madzi a pamjigo kuno kunyanja amasiya choko m'timapaipi ta m'kati, ndipo palibe wantchito amene ankakumbukira kutsukamo ndi viniga. Makapisozi atatha, mtengo wokapikula ena unali utakwera moti kapu imodzi inkadula kuposa mbale ya nsima ya usipa. Wakatapila ankabwera Lachisanu lililonse n'kukhala pakhonde osayankhula kanthu. Ndinagulitsa puloti yomwe ndinali nditaumbira kale njerwa, ndinagulitsa filiji, ndipo mwana wanga wachiwiri anakhala teremu yathunthu pakhomo.

Chomwe chimandipweteka koposa n'chakuti kapisozi mmodzi muli khofi wa magalamu asanu kapena asanu ndi limodzi okha, ndipo ine ndinawoloka malire atatu kukanyamula timagalamu timeneto pomwe dziko lathu limalima khofi wa Arabica yemwe Azungu amachita kulimbirana. Alimi a ku Misuku, ku Phoka ndi ku Viphya amagulitsa kudzera ku Mzuzu Coffee, ku Thyolo kuli Satemwa, ndipo mapaketi awo amapezeka m'masitolo a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Mukagula wosapera, kachigayo ka pamanja n'kokwanira, ndipo perani wa tsiku limenelo basi, chifukwa ndi kutentha kwa ku Nkhotakota khofi wopera amataya fungo msanga. Mtondo umathanso, malinga usakhale womwe mumasinjira nsinjiro.

Makina a magetsi odonthetsa khofi m'jagi, omwe mumawaona m'maofesi, ali bwinoko, koma ambiri amadya pepala tsiku ndi tsiku. Pepala losefera khofi analiyambitsa Melitta Bentz wa ku Dresden mu 1908, ndipo lerobe ife timachita kuitanitsa kunja, kotero ngati muwafunadi sankhani okhala ndi sefa yochapa. Ndipo m'bale wanu wa ku America akakutumizirani makina, werengani kaye pansi pake, chifukwa akumeneko ndi a mavoti 120 pomwe athu ndi 230. Mphunzitsi wina anandibweretsera otero atachita utsi tsiku loyamba lomwe, akufuna kuti ndimupezere sipeya ku Joni, ndipo ndinangomupatsa mpando ndi madzi akumwa.

Za geni, poti munafunsanso, ulendo woyamba pitani ku Dar es Salaam kudzera ku Songwe ndi Mbeya, popeza kwa inu njirayo ndi yowongoka ndipo malire ndi amodzi okha. Ku Kariakoo musagule moka musanaimasule ndi manja anu. Yabodza imapepuka ngati chitini cha mkaka, mazinga ake amalumpha pomanga, ndipo kavalavu kake nthawi zina kamangokhala kokongoletsa. Tengani mapulanja achitsulo khumi, ma moka asanu, timphira tambiri, kulungani chilichonse m'zitenje zomwe mudzagulitsenso, ndipo lisiti likhale ndi chidindo cha sitolo ngakhale mwenye kapena Mswahili wake anyinyirike chotani. Munthu wa malo ogona alendo akakuuzani kuti akufuna katundu wambiri, apereke theka la ndalama musanagule tikiti ya basi. Ndalama ya katapila musakwere nayo basi ngakhale pang'ono.

Ngati bambo a kunyumba kwanu aumirirabe pa makina odina batani, musavutike n'kupita kunja. Asanu ndi awiri mwa makina aja adakali pansi pa bedi langa m'mabokosi awo, mapulagi osinthasintha kale. Mukatsika pa Kamuzu Road ku Salima mudzafunse mayi wa mapulanja, ndipo ndidzakupatsani amodzi pa mtengo wa nkhuku ziwiri, koma makapisozi mukasake nokha.