Besi yanga imasowa ndikamvera pa foni

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti amapanga nyimbo pa FL Studio, pulogalamu ya pa kompyuta, ndipo besi yake m'mahedifoni imagunda bwinobwino, koma anzake akamvera pa foni imasoweratu. Akaikweza, kiki (ng'oma yaikulu ya bithi) imamira, nyimbo yonse n'kusokonekera. Akufunsa ngati agule pulagini yodula (kapulogalamu kowonjezera mu FL Studio).

Mbale wanga, ndalamazo sungani kaye, ndipo voliyumu musayikhudzenso. Vuto lagona pa mtundu wa mawu amene mukupanga.

Khutu la munthu limamva kuyambira pa 20 Hz kukafika cha pa 20,000 Hz (Hz ndi muyeso wa kangati mawu amanjenjemera pa sekondi: ikachepa, mawu amakhala akuya). Besi yakuya ija timati sub imakhala pansi penipeni, pakati pa 20 ndi 60 Hz. Kuti sipika itulutse mawu otere iyenera kukankha mpweya wambiri, ndiye kasipika ka m'foni, kochepa ngati chikhadabo, sikangakwanitse ngakhale mukweze chotani.

Ndikukhulupirira kuti besi yanu ndi ya sine yokhayokha, funde la mawu losalala. Sine ikamaimba noti ya A yapansi, pa 55 Hz, pamakhala 55 yomweyo basi. Koma saw, funde lokanda looneka ngati mano a sowo, ikaimba noti yomweyo imatulutsanso 110, 165, 220, 275, kumangokwera choncho. Amenewa ndi ma harmonic, ndipo apa ndi pamene pamandisangalatsa kwambiri pa nkhani yonseyi: khutu likamva 165, 220 ndi 275 pamodzi, ubongo umazindikira wokha kuti noti yake ndi ya 55, ngakhale sipikayo isakuitulutsa n'komwe. Nyimbo zambiri zimene besi yake mumaimva pa foni zimadalira zimenezi.

Choncho besi yanu igaweni pawiri. Yoyamba ikhale sine yosasakaniza kanthu, ili mono (yofanana kumanzere ndi kumanja), yopanda zokometsera ngati reverb kapena chorus. Imeneyo ndi ya masipika akuluakulu. Yachiwiri iziimba manoti omwewo koma ndi saw. Iduleni pansi ndi high-pass (filter, kapena kuti sefa, yochotsa mawu apansi) cha pa 100 Hz kuti isamalimbane ndi inzakeyo, kenako ikani low-pass (yochotsa mawu apamwamba) n'kumatsitsa cutoff, malo amene filter imayambira kudula, pang'onopang'ono mpaka kukanda kwake kuchepe. Ikani envelope (chowongolera mmene mawu amasinthira noti ikamalira) yoti filter izitseguka noti ikangoyamba n'kutsekeka msanga, mudzamva besi ikuti "bwomu" m'malo mongong'ung'udza. Ngati mukufuna kukhala ndi tiraki imodzi, thirani saturation (kupotoza mawu mwadala) pang'ono pa sine ija, chifukwa nayonso imabala ma harmonic. Pang'ono chabe. Ikachuluka, kulemera kwa pansi kumathawa.

Zambiri mwa izi pulagini ya 3xOsc ya mu FL Studio imatha, pulagini ya Vital nayo ili ndi mtundu waulere. TB-303 ya Roland, makina opangira besi a mu 1981, ili ndi oscillator (chopangira funde) imodzi yokha, ya saw kapena square, koma nyimbo za acid house zinabadwira pomwepo chifukwa cha filter yake. Ndimadandaula ndikaona achinyamata akuunjika mapulagini asanadziwe chimene cutoff ndi resonance (kukweza mawu a pa cutoff penipeni) zimachita.

Mukafuna besi yonenepa yoyendayenda, tengani ma saw awiri n'kuwasiyanitsa tyuni pang'ono. Imeneyi ndi Reese, dzina lochokera kwa Kevin Saunderson wa ku Detroit, amene anaimveketsa mu 1988 akudzitcha Reese, ndipo opanga jungle ndi drum and bass anaitengera pamenepo. Koma samalani: mafunde awiriwo nthawi zina amathandizana, nthawi zina amafafanizana, ndiye mphamvu imakwera n'kutsika. Pamwamba n'zokoma, pa sub n'zowononga. Ndi chifukwa chake sine yapansi ija izikhala payokha.

Tsopano za kiki yomirayo. Kiki zambiri nazonso zimakhala cha pa 50 kapena 60 Hz, malo omwewo a sub, ndipo zikagunda nthawi imodzi zimaphana. Sankhani yemwe akhale mwini wa pansi. Ngati ndi besi, fupikitsani mchira wa kiki. Ngati kiki yanu ndi 808 yaitali (dzinali linachokera ku TR-808, makina a ng'oma a mu 1980), dziwani kuti imeneyo ndi besi kale, ili ndi noti yake, ndiye itcheleni igwirizane ndi kiyi ya nyimbo ndipo musaikenso sub ina pansi pake. Kenako ikani sidechain, kuti kiki ikagunda besi izitsika kwa kanthawi n'kubwerera. Release, nthawi yobwererayo, ikatalika kwambiri besi imachedwa kubwerera ndipo nyimbo imapuma mosagwirizana ndi bithi, ndiye itembenuzeni mukumvera, osati mukuyang'ana manambala.

Chipinda chanu nachonso chimanama. Funde la 50 Hz ndi lalitali pafupifupi mamita 7, ndiye m'kachipinda kakang'ono limagunda makoma n'kubwerera: pakona besi imachuluka, pakati penapake imazimiririka. Ikani nyimbo yomwe mumaikhulupirira pambali pa yanu, zonse pa voliyumu yofanana, n'kumasinthasintha. Mukamaliza itumizeni pa foni yanu. Ngati mukutha kung'ung'udza manoti a besi pongomvera kasipika kaja, gawo lachiwiri lija lakwana. Ngati simukutha, tsegulaniko filter pang'ono kapena onjezerani saturation, sub yo musayikhudze.