Anthu 112 anafa, nanga oyendetsa ndege akuyamikiridwa chifukwa chiyani?

Mayi wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo amakwera ndege pobwera kumudzi, wanditumizira imelo. Akuti anamva za ngozi ya ndege ya United Airlines nambala 232, koma mtima wawo sukuvomera kuti oyendetsa ake azitamandidwa pomwe anthu ambiri chonchi anataya miyoyo.

Mayi, funso lanu ndi lomveka, ndipo yankho lake lili m'zimene zinachitika m'chipinda cha oyendetsa tsiku limenelo.

Panali pa 19 July 1989. Ndegeyo, yamtundu wa DC-10, inanyamuka ku Denver kupita ku Chicago m'dziko la America itanyamula anthu 296. Ili pamtunda wa mamita pafupifupi 11,000, injini ya kumchira inaphulika. Chitsulo chozungulira cha m'kati mwake chinali ndi mng'alu umene unayambira pa chilema cha kufakitale, ndipo oyendera injini sanauone. Zidutswa zake zinaboola mapaipi a mafuta amene amakankha zokhotetsera za kumapiko ndi kumchira. Njira za mafutawo zinali zitatu, kuti ina ikafa ina igwire ntchito, koma zonse zinadutsa moyandikana kumchirako, ndipo zinakhuthuka nthawi imodzi.

Kuyambira pamenepo chiwongolero chinali chongogwira. Ndege inayamba kupendekera kumanja, ikufuna kugadabuka. Kaputeni Al Haynes anachepetsa mphamvu ya injini yakumanzere n'kuwonjezera yakumanja, phiko n'kudzuka. Njira yokhayo yotsala inali imeneyo: kukhotetsa chindege chonsecho ndi injini ziwiri za kumapiko. Analankhula ndi akatswiri a kampani ku San Francisco, koma m'mabuku awo munalibe malangizo, poti opanga ndege ankakhulupirira kuti njira zitatuzo sizingafe pamodzi.

Apa ndi pamene ine ndimamuvulira chipewa Haynes. Pakati pa okwera panali Dennis Fitch, mphunzitsi wa oyendetsa DC-10, amene anali pa ulendo chabe. Anatumiza uthenga kuti angathe kuthandiza. Kaputeni wa maola pafupifupi 30,000 m'mlengalenga akanatha kunena kuti mlendo akhale pampando wake. Iye anamuitana, ndipo posakhalitsa anamusiyira zogwirira za injini. Fitch anagwada pakati pa mipando, manja onse pa zogwirirazo, pomwe Haynes ndi womuthandiza William Records ankalimbana ndi chiwongolero, injiniya wa ndegeyo Dudley Dvorak akuyang'anira zida zoyezera ndi wailesi. Pambuyo pake Haynes ankanena poyera kuti anayiwo pamodzi anali ndi zaka 103 zoyendetsa ndege, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaphunzirapo kuuluka motere, choncho panalibe chifukwa choti mawu ake okha ndiwo amveke. Mutu umodzi susenza denga, ndipo United inali itayamba kale kuphunzitsa oyendetsa ake zimenezi, kuti wamng'ono azilankhula, wamkulu azimva.

Kwa mphindi zoposa 40 ndege inkangokwera ndi kutsika yokha, ikuzungulira chakumanja, mpaka anailozetsa ku bwalo la Sioux City m'chigawo cha Iowa. Kuchepetsa liwiro kunali kosatheka. Inafika pansi ikuthamanga makilomita pafupifupi 400 pa ola, pomwe imayenera kutera pa 260. Phiko lakumanja linagunda pansi, moto unabuka, ndege inaduka zidutswa, ndipo chigawo chapakati chinakagwera chagada m'munda wa chimanga.

Anthu 184 anapulumuka, kuphatikizapo anayi a m'chipinda chija, ngakhale anavulala kwambiri. Ofufuza atayika oyendetsa ena aluso m'makina ophunzitsira n'kuwapatsa vuto lomwelo, anapeza kuti kutera bwinobwino kunali kosatheka. Zaka zinayi m'mbuyo mwake, mu 1985, ndege ya Japan Airlines inataya njira zake zonse za mafuta chimodzimodzi, ndipo anthu 520 anafa, kupulumuka anayi okha. Ndiye mukawerenga 112, Mayi, muwerengenso 184 amene pa masamu onse sankayenera kubwerera kwawo.

A pansi nawonso anachita zawo. Mu 1987 mzinda wa Sioux City unayeserera ngozi ya ndege yaikulu pabwalo lomwelo, ndipo tsikulo zipatala zinali pa nthawi yosinthana ntchito, olowa ndi oweruka onse alipo.

Chimene chimandiwawa ine ndi cha ana. M'ndegemo munali makanda anayi opanda mipando yawoyawo. Mkulu wa othandiza okwera, Jan Brown, anatsata malamulo a nthawiyo n'kuuza makolo kuti awagoneke pansi ndi kuwagwira. Mmodzi anamwalira. Mayi wa mwanayo anakumana ndi Brown m'munda wa chimanga muja n'kumukumbutsa kuti ndi iye anamuuza kutero. Brown anatha zaka zambiri pambuyo pake akudandaulira boma la America kuti mwana aliyense m'ndege azikhala ndi mpando wake ndi lamba wake, koma mpaka lero mwana wosakwana zaka ziwiri amaloledwa kuuluka ali pamiyendo ya kholo lake.