Kodi akapolo omasulidwa ku America anapatsidwadi minda?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yofunsa ngati boma la America linathandiza akapolo amene anamasulidwa nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1865, makamaka ngati nkhani yoti banja lililonse linapatsidwa malo okwana maekala 40 ndi nyulu inali yoona. Yankho langa n'lakuti thandizo linalipo ndithu, koma pa nkhani ya malo, imene eni akewo ankaiona kuti ndiyo yaikulu, boma linabweza mawu.

Pa 3 Malichi 1865 nyumba ya malamulo inakhazikitsa bungwe lothandiza akapolo omasulidwa la Freedmen's Bureau pansi pa unduna wa zankhondo, ndipo mtsogoleri wake anali mkulu wa asilikali, Oliver Otis Howard. Anthu omasulidwa analipo pafupifupi 4 miliyoni, pomwe ogwira ntchito m'zigawo zonse zakummwera, ngakhale pa nthawi imene anachulukitsitsa, anali pafupifupi 900 okha. Anthu ochepawa ankagawa chakudya kwa akuda ndi azungu osauka omwe, ankayendetsa zipatala, ndiponso ankalembetsa maukwati, popeza pa nthawi ya ukapolo lamulo silinkazindikira banja la kapolo. Pa maphunziro mpamene anachita bwino kwambiri mogwirizana ndi mipingo, ndipo sukulu zaukachenjede monga Fisk ndi Howard zinayamba m'zaka zimenezi.

Tsopano za malo. Mu Januwale 1865 mkulu wina wa asilikali, William T. Sherman, analamula kuti zilumba ndi minda ya m'mphepete mwa nyanja ku South Carolina, Georgia ndi Florida zigawidwe kwa mabanja omasulidwa, banja lililonse maekala osapitirira 40. Nyulu sanaitchule m'lamulolo. Asilikali anangobwereketsa zina mwa ziweto zawo. Anthu pafupifupi 40,000 anakhazikika m'mindamo n'kudzala mbewu. Koma pulezidenti Abraham Lincoln ataphedwa mu Epulo, Andrew Johnson amene analowa m'malo mwake anayamba kukhululukira eni minda omwe anaukira boma, ndipo analamula kuti malo awo abwezedwe.

Mu Okutobala 1865 Howard mwini wake anapita pachilumba cha Edisto ku South Carolina, kumene anaimirira m'tchalitchi chodzaza ndi anthu n'kuwauza kuti minda imene alimayo ibwerera kwa omwe kale anali mabwana awo. Anthuwo anakana poyera, kenako anasankha komiti imene inalembera kalata pulezidenti yopempha mwayi wogula malowo, koma pempholo silinaphule kanthu. Kwa ine, apa mpamene bungweli linasinthira ntchito, chifukwa ogwira ntchito ake anayamba kuumiriza anthu opanda malowo kusaina mapangano a chaka chathunthu ogwira ntchito m'minda ya azungu. Ena mwa ogwira ntchito a bungweli ankayesetsa kuteteza antchito kuti asaberedwe malipiro, ndipo ankazunzidwa chifukwa cha zimenezo, koma ena ankangokondera eni minda. M'kupita kwa nthawi mabanja ambiri anayamba kulima mogawana zokolola ndi mwini malo, mofanana ndi matenanti a m'maesiteti a fodya, n'kumatha chaka ali ndi ngongole ya mbewu, zipangizo ndi chakudya.

Mu 1866 Johnson anakana kusaina lamulo lotalikitsa moyo wa bungweli, koma mu Julaye aphungu analivomereza ndi mavoti okwanira kugonjetsa kukana kwakeko. Ngakhale zinali choncho, ntchito zambiri zinaimitsidwa pofika 1869, ya maphunziro inapitirira pang'ono, ndipo bungwelo linatsekedwa mu 1872.