Petar Sučić ndi ndani, ndipo ndi Modrić watsopanodi?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena, sapota wakalekale wa Inter ya ku Italy, akufunsa kuti: "Kamnyamata kaku Croatia tidagula ku Dinamo Zagreb kaja, Sučić, kadachokera kuti kwenikweni? Anthu akuti ndi Modrić watsopano, zoona zimenezi kapena angotikometsera?"

Achimwene, funso lanu ndalikonda chifukwa mnyamata ameneyu ndimamutsata ndi mtima wonse. Koma ndiyambe ndi kumasula kaye chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu ambiri, a Sučić alipo awiri mu timu ya dziko la Croatia. Pali Luka Sučić amene adabadwira ku Austria, adakulira ku Salzburg kenako nkupita ku Real Sociedad mu 2024, ndiye pali wanuyu Petar, wosewera pakati. Ndi pachibale koma ndi anthu awiri osiyana, kaseweredwe kakenso nkosiyana.

Petar adabadwa mu Okotobala 2003 ku Livno, tauni yaing'ono ya ku Bosnia ndi Herzegovina komwe kumakhala anthu ambiri achi Croatia, nchifukwa chake ali wachichepere adavalapo yunifomu ya matimu achisodzera a Bosnia asanasankhe Croatia. Mpira wake udakhwimira ku Zrinjski Mostar, ndipo mu sizoni ya 2022/23 timuyi idatenga ligi iye ali mkati, ali ndi zaka 19 zokha. Apa mpamene nkhani ya Modrić imayambira, chifukwa naye Luka Modrić, katswiri wosewera pakati wa Croatia, mu 2003 Dinamo idamutumiza pangongole ku Zrinjski komweko ali ndi zaka 18, kamunthu kochepa thupi mu ligi yodziwika ndi kuchitana nkhanza, ndipo adatuluka ali wosewera wapamwamba wa ligi yonse. Ndiye atolankhani akaona Zrinjski, kenako Dinamo, kenako timu yaikulu, basi mutu wa nkhani wapezeka kale.

Ine ndikuti ayi, si Modrić watsopano, ndipo sindikunena monyoza. Dzina limeneli lalemetsa ana ambiri ku Croatia. Alen Halilović adapita ku Barcelona mu 2014 asanakwane ndi zaka 20 zomwe, dziko lonse likumuimbira m'manja, kenako adangokhala woyendayenda, Hamburg, Las Palmas, AC Milan, Birmingham, luso lilipo koma popanda pokhazikika. Ante Ćorić naye Roma idamugula mu 2018 ndipo sadasewere nkomwe zooneka. Zimandiwawa ndikamaganiza za anyamata awiriwa chifukwa mpira ankautha zedi, chidawasowa ndi magemu, sabata ndi sabata, pa msinkhu umene wosewera amafunika kulakwitsa nkumaphunzira.

Ndiye chimene chimandisangalatsa kwa Petar nchoti sadadumphe sitepe. Ku Mostar adasewera ndi azibambo, osati ana anzake. Atafika ku Dinamo mu 2023 sadafike ngati nyenyezi, adachita kulimbirana malo mpaka kukhala munthu woti kochi sangamusiye panja. Ndipo mayeso enieni adabwera mu Champions League ya 2024/25. Gemu yoyamba Bayern idawakhoma 9-2 ku Munich, chinthu choti mwana wa zaka 20 chikhoza kumuthyola mtima sizoni yonse. Patangotha masabata awiri Monaco idabwera ku Maksimir, bwalo la Dinamo, mvula ikukhuthuka, bwalo lili madzi okhaokha moti mpira umachita kuima wokha pakati pa njira, pasi ya pansi osayenda, ndipo m'matope momwemo Sučić adathamanga kuchokera pakati nkukagoletsa chigoli choyamba chakumapeto kwa chigawo choyamba. Mnzake Martin Baturina adaonjezera chachiwiri, Monaco idabweza zonse nkuthera 2-2, komabe amene adaonera gemu imeneyo adadziwa kuti pakati pa Dinamo pali ana awiri osaopa. Timuyi idamaliza ndi mapointi 11, idagonjetsa ngakhale AC Milan 2-1 tsiku lomaliza, koma idathera pa nambala 25 nkutuluka chifukwa cha kusiyana kwa zigoli, 9-2 ija idawatsata mpaka kumapeto.

Mu Okotobala 2024, mwezi womwewo wa gemu ya Monaco, ku Warsaw, Croatia idafanana mphamvu ndi Poland 3-3 mu Nations League, Sučić adagoletsa, patangopita mphindi ziwiri Baturina nayenso. Kwa kochi wa Croatia Zlatko Dalić umenewu udali mpumulo waukulu chifukwa Marcelo Brozović adali atangosiya kusewera timu ya dziko itatha Euro 2024, Rakitić adasiya kale mu 2020, ndipo Modrić zaka zapita. Dziko la anthu osakwana 4 miliyoni limene lidafika mu fainolo ya World Cup mu 2018 nkutenganso nambala 3 mu 2022 lidadalira pakati pamenepa zaka zonsezi, ndiye funso loti adzalowa m'malo ndani silinali lamasewera.

Tsopano kaseweredwe. Ngati mukufuna womufanizira, yang'anani kwa Brozović osati Modrić, ndipo inu a Inter mukumudziwa bwino Brozović, adachokera ku Dinamo komweko mu Januwale 2015. Sučić ndi wamtali, amathamanga gemu yonse, amalanda mpira, akaulandira sachedwa nawo, kukhudza kamodzi kawiri wapereka nkusunthira pena poti aulandirenso. Mukamaonera gemu ina tayesani kusiya kutsata mpira mumuyang'ane iyeyo mpira usanamufike, muona akutembenuza mutu uku ndi uku kuona amene ali kumbuyo kwake, thupi walitsegula kale kuloza kutsogolo. Zimenezi sizilowa mu ma highlights koma makochi amazikonda koopsa. Kusiyana kwake ndi Brozović nkoti iyeyu amakonda kulowa mu bokosi, si wongokhala kutsogolo kwa otchinga kumbuyo ayi. Zamatsenga zija za Modrić, pasi ya kunja kwa phazi yodutsa anthu asanu, musamudikirire nazo, mwina Baturina amene adapita ku Como kwa Cesc Fàbregas ndiye ali pafupiko ndi mtundu umenewo.

Inter idamutenga mu 2025 pa mtengo wa mayuro pafupifupi 14 miliyoni, ndalama yochepa kwambiri pa msika wa masiku ano. Adafika pa nthawi yovuta, timu itangothambitsidwa 5-0 ndi PSG mu fainolo ya Champions League, kochi Simone Inzaghi atachoka, Cristian Chivu atangolowa m'malo mwake. Koma kwa iyeyo nthawi imeneyi idali yabwino, chifukwa mwa osewera pakati a Inter, Mkhitaryan adabadwa mu 1989, Çalhanoğlu naye wadutsa zaka 30, ndipo mu 3-5-2 ya Inter osewera pakati atatu aja amagwira ntchito yakalavulagaga moti miyendo yatsopano imafunika. Chaka chomwecho Modrić adasamukira ku AC Milan, ndiye awiri odutsa ku Zrinjski aja adapezeka mumzinda umodzi, bwalo limodzi la San Siro, matimu odana.

Nkhawa yanga ndi imodzi ndipo ndi ya inu masapota. Mateo Kovačić adafika ku Inter kuchokera ku Dinamo mu 2013 ali ndi zaka 18, adamupatsa nambala 10, makochi nkumamusinthasintha malo, lero kumbuyo mawa kutsogolo, mu 2015 adagulitsidwa ku Real Madrid ndipo zipatso zake adadya ndi ena, Chelsea ndi Manchester City. Brozović nayenso zaka zoyamba ankamukuwiza ku San Siro, adadzakhala mwini pakati Luciano Spalletti atamubweza kumbuyo mu 2018, patatha zaka zitatu. Sučić padzakhala magemu oti wazimirira, ligi ya ku Italy ya Serie A ndi yothina ndipo anzake apakati Barella ndi Zieliński sangamusiyire malo mwaulere. Chimene ndikufuna kuona ine nchoti apatsidwe malo amodzi omveka bwino, asewere magemu ambiri motsatizana, ndipo Inter isathamangire kumugulitsa timu ya ku England ikangobwera ndi ndalama.