Mafunso pa Chichewa: voti yomangira malaibulale, thandizo kapena ngongole?

Funso: Ndimamasulira nkhani zakunja pa wailesi ya m'dera lathu. Ndinakumana ndi nkhani ya ku New Jersey, ku America, yoti mu Novembala 2017 anthu anavomereza pa voti "bond" ya madola 125 miliyoni yomangira ndi kukonzera malaibulale. Ine ndinalemba kuti "boma lapereka thandizo la ndalama zomangira malaibulale". Akonzi anga akuti ndaphonya. Kodi ndaphonyadi?

Yankho: Akonzi anuwo akunena zoona. Chiganizo chanu n'chosalala pakamwa, koma chabisa mutu weniweni wa nkhaniyo, umene ndi ngongole.

Boma likafuna ndalama mwa njira imeneyi ya "bond" limagulitsa zikalata kwa mabanki, makampani a inshuwalansi, mabungwe osunga ndalama za penshoni ngakhalenso anthu wamba. Chikalata chilichonse ndi lonjezo loti ndalamazo zidzabwezedwa pakapita zaka zakutizakuti, pamodzi ndi chiwongoladzanja. Zobwezazo zimatuluka m'misonkho. N'chifukwa chake nkhaniyi inakafika kwa ovota, pakuti malamulo aakulu a New Jersey salola boma kudzisenzetsa ngongole yaikulu yotere eni misonkho asanalole. Womvera wanu akangomva kuti "thandizo", aganiza kuti pali wina wachifundo amene wapereka, ndipo adzadabwa kuti nanga anthu amavoteranji pa mphatso.

Kunena mwachilungamo, mawu anuwo ali ndi mbali yake. Matauni amene analandira ndalamazo sabweza. Boma limalipira theka la mtengo wa ntchito, theka linalo tauni imadzipezera yokha. Choncho kwa tauni ndi thandizo ndithu, koma funso limene linali pa pepala lovotera linali la ngongole. Ine ndikanalemba motere: "Anthu a ku New Jersey avomereza kuti boma lawo litenge ngongole ya madola 125 miliyoni yothandizira matauni kumanga ndi kukonza malaibulale."

Taonani kuti ndasankha "kutenga ngongole". Mneni "kubwereka" amayenda mbali ziwiri. Munthu akati "ndibwerekeni njinga" akupempha, pamene "ndabwereka njinga" ndi mawu a amene walandira kale. Pa wailesi, pamene womvera alibe mpata wobwereza chiganizo, mawu otere amasokoneza. "Kukongola" ndi mneni woyenera pa ndalama, ndipo wopereka ndiye amakongoza, koma samalani pom'lemba: mutu woti "Boma lakongola" ena auwerenga ngati chiyamikiro. Musalowetsemonso "chikole". Chikole ndi katundu amene wokongoza amagwira kapena kulanda ngongole ikakanika, ndipo palibe amene akuyembekeza kudzalanda laibulale. Chodalira cha ogula zikalatazo ndi mphamvu ya boma yotolera misonkho.

Funso: Nanga voti yotereyi tiitche chisankho kapena riferendamu?

Yankho: Amalawi ambiri akamva "riferendamu" amakumbukira 14 Juni 1993, nyali ndi tambala wakuda, tsiku limene dziko linasankha ndale za zipani zambiri. Mawuwo ndi olondola, chifukwa apanso anthu amayankha funso, sakusankha munthu. Koma kwa ife ndi mawu olemera, ngati a nkhani yogwedeza dziko. Ku America mafunso otere amakhala pa pepala lomwelo la chisankho wamba. Tsiku limene a ku New Jersey anavomereza za malaibulale ndi lomwelo limene anasankha Phil Murphy kukhala bwanamkubwa. Ine ndimakonda kunena kuti "funso la pa voti" kapena "voti ya inde kapena ayi", ndipo palibe amene angasochere.

Aneni ake akhalenso ogwirizana. Munthu wopikisana amapambana kapena kugonja, koma funso anthu amalivomereza kapena kulikana. Ku California, boma lina la ku America, anavomereza ngongole ya malaibulale ya madola 350 miliyoni mu Marichi 2000, kenako mu Juni 2006 anakana ina ya madola 600 miliyoni. Kulemba kuti "ngongole yagonja" n'Chingelezi chovala Chichewa.

Funso: Kodi New Jersey ndi chigawo?

Yankho: Ayi. Zigawo zathu za Kumpoto, Pakati ndi Kummwera zilibe nyumba zawozawo za malamulo ndipo sizingatenge ngongole pazokha. New Jersey ili ndi bwanamkubwa wake, nyumba yake ya malamulo ndi misonkho yake. Nenani kuti "boma la New Jersey", ndipo potchula koyamba onjezani kuti ndi limodzi mwa maboma 50 amene amapanga dziko la America, kuti womvera asaganize za boma ngati la Dedza kapena Ntcheu.