Kodi ntchito zapakhomo zachepadi masiku ano?

FUNSO: Apongozi anga akabwera kuchokera kumudzi ku Thyolo amanena kuti ife amayi a m'tauni ndife aulesi popeza sitisinja kapena kuzira nyumba. Komatu ine Loweruka lililonse ndimachapa, kukolopa ndi kusita mpaka dzuwa kulowa. Kodi ntchito zapakhomo zachepadi? Ndine mayi wa ku Chilomoni.

YANKHO: Zikomo mayi. Apongozi anuwo sakunama ayi. M'masiku awo, kuti ufa woyera upezeke, mayi ankakonola chimanga mumtondo, kupeta gaga, kuviika mphale kwa masiku angapo, kuitsuka, kuisinja, kusefa, kenaka kuyanika ufawo pamphasa kwinaku akuingitsa nkhuku. Lero chigayo chimamaliza gawo lalikulu la ntchitoyi m'kanthawi kochepa, simenti inathetsa kuzira, ndipo madzi amene bungwe la Blantyre Water Board limapopa mumtsinje wa Shire ku Walker's Ferry amafika pampopi wapakhomo, ngakhale kuti ambiri ku Ndirande ndi ku Bangwe amalawirirabe ndi zigubu kukatunga pakiyosiki.

Chimene apongoziwo sakuwerengera n'chakuti manja ogwira ntchito nawonso achepa. Kumudzi mayi ankasinja pamodzi ndi achemwali ake ndi ana aakazi, minsi iwiri kapena itatu pamtondo umodzi, ndipo ntchito zinkagawika masiku onse a sabata. Chiyambire 1994, pamene boma linachotsa fizi m'sukulu zapulayimale, atsikana ambiri masana amakhala m'kalasi, ndipo n'koyenera kutero. Amayi nawonso ali kuntchito kapena pageni mumsika wa Limbe. Motero zotsalira zonse zimadikira Loweruka ndi munthu mmodzi: mayunifolomu a ana, zofunda, kupaka polishi pakhonde, kukwecha mapoto amene anada pambaula, ndipo magetsi akathima, simbi ya makala yomwe agogo ankaipepelera ija imatulukanso.

Musakangane nawo apongozi. Afunseni mwaulemu kuti ankakhala anthu angati pamtondo, ndipo yankho lawo likuthandizani kufotokoza za Loweruka lanu. Kenaka gawani ntchito pakhomopo mosayang'ana kuti uyu ndi mnyamata kapena mtsikana. Mwana wa Sitandade 5 angathe kuchapa yunifolomu yake Lachisanu akaweruka, ndipo bambo amene ankasita okha malaya awo asanakwatire sanaiwale kagwiridwe ka simbi.